Kupalasa chofulatira: maganizo anga pa The Boys in the Boat

 Sabata ino mpata wagwera ine wa ku Bvumbwe kuno, ndiye ndabwera ndi buku la Chingerezi lotchedwa The Boys in the Boat, limene analemba a Daniel James Brown n'kulitulutsa mu 2013. Ambiri mwina simunaligwirepo, koma filimu yake munaiona, ija anakonza a George Clooney mu 2023, imene yazungulira m'mafoni mwathumu. Ndineneretu mbali yanga kuti musavutike kundifufuza. Bukuli ndi labwino, ngakhale lili ndi malo amene limatinyengerera. Filimu ija ndi msuzi wa nyama umene nyama yake anaivuula kale.

Tigwirizane kaye za masewero ake, chifukwa mawu oti kupalasa bwato akhoza kukusokeretsani. Inu a ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhata Bay mukamva choncho mukuona msodzi ali pa bwato logoba, nkhafi m'manja, maso kutsogolo kumene akupita. Izi ndi zina. Bwato la mpikisanoli ndi lalitali mamita pafupifupi 18, koma m'mimba mwake mumangokwana munthu mmodzi. Mumakwera anthu 9. Anthu 8 amapalasa, aliyense ndi nkhafi imodzi yaitali yokoledwa m'mbali mwa bwato, ndipo amakhala chofulatira, kumene akupita sakukuona. Mpando wake umatsetsereka pa timatayala, moti mphamvu zambiri zimachokera m'miyendo. Wotsalayo, kamunthu kochepa thupi, amakhala kumapeto atagwira zingwe za chiwongolero, ndipo ndi yekhayo woona njira. Amakuwa, amawerenga, amanama kumene ngati bodzalo lingawonjezere liwiro. Ku Olimpiki mtunda wake ndi mamita 2,000, ndipo zonse zimatha m'mphindi pafupifupi 6.

Nkhani imayenda ndi mnyamata wotchedwa Joe Rantz, wobadwa mu 1914. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka pafupifupi 4. Bambo ake, a Harry, anakwatiranso, ndipo apa mumve bwino: mkazi watsopanoyo, Thula, anali mapasa ndi mkazi wa Fred, mkulu wake wa Joe. Bambo ndi mwana kukwatira m'nyumba imodzi! Kuno kwathu ankhoswe akanakhala pansi mpaka tambala woyamba. Joe ali ndi zaka 10 anamutulutsa m'nyumba, nkumakagona kusukulu, malo ogonawo nkumalipira powaza nkhuni. Ali ndi zaka 15, mu 1929, anaweruka kusukulu n'kupeza galimoto italongedzedwa, ana ang'onoang'ono ali m'kati, bambo akumuuza kuti iwe utsale, wakula. Anatsaladi yekha m'nyumba yosamalizidwa, m'katauni kotchedwa Sequim. Ankadya bowa wam'tchire, ankagwira nsomba mozemba, ankakoka mitengo ndi akavalo a mnansi, ankaba ngakhale mowa wa ogulitsa mobisa n'kukaugulitsanso yekha.

Mmene analowera m'bwato ndi nkhani imene ndikufuna ana a ku koleji a m'gulu muno aimve. Joe sanakule akulota zopalasa. Fred anamutenga kukamaliza sekondale ku Seattle, ndipo kumeneko kochi wa yunivesite ya Washington, a Al Ulbrickson, anamuona akudzipinda pa chitsulo m'masewero a jiminasitiki. Anaona msinkhu ndi mapewa basi, n'kusiya khadi lawo. Mu 1933 Joe anafika pa yunivesite, nthawi imene ku America munthu mmodzi mwa anayi alionse ofuna ntchito analibe ntchito. Anyamata 175 a chaka choyamba anabwera kudzayesa mwayi. Opalasa sankalipiridwa fizi ayi, koma wolowa timu ankapezeredwa kaganyu pa sukulupo. Kwa Joe kuchotsedwa m'bwato kunali kuchotsedwa sukulu.

Apa ndi pamene a Brown anandigwira. Ine ndimagulitsa kabichi ndi tomato, ndipo buku limene siliwerenga ndalama sindilikhulupirira. Olemba ambiri, athu omwe ano, akafuna kuonetsa umphawi amangoti banjalo linali losaukitsitsa, kenaka n'kuthamangira ku chikondi. A Brown amakhala pansi nkumawerengera. Joe ali ndi juzi imodzi, ndipo anzake a m'timu amamuseka nayo. Kodyera amatenga zotsala m'mbale za ena, amadziwa kuti akumuyang'ana, koma amadya ndithu. Amagona m'kachipinda kapansi ku YMCA, lendi nkumalipira pokolopa. Patchuthi cha 1935 anapita kumene ankamanga damu la Grand Coulee, n'kusankha ntchito yolendewera pa chingwe m'mbali mwa phompho ndi chimakina chobowolera miyala, chifukwa imeneyo ndiyo inkalipira masenti 75 pa ola, kuposa ya pansi. Aliyense amene anathyolapo tiyi kapena kusenza matumba a mbatatesi kuti akwanitse fizi ya temu yachitatu awerenga masamba amenewa mtima uli m'malo, chifukwa palibe akumunamiza. Njala ya m'bukuli ili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo walembedwa.

Ndiye taonani zimene anachita a Clooney. Zaka zitatu anazipanikiza kukhala chaka chimodzi. Mu filimu mnyamata akulowa m'bwato koyamba, miyezi ingapo ali ku Berlin akulandira golide. M'buku sizili choncho. Joe anapambana ndi anzake a chaka choyamba mu 1934, kenaka zinthu zinayamba kusokonekera, anatsitsidwa kupita m'mabwato apansi, anakhala miyezi akudziona ngati wolephera, ndipo m'bwato loyamba anamukweza mu Malichi 1936, Olimpiki itatsala miyezi 5. Pakati pamenepo ndi pamene pali nkhani: kupalasa mvula ikugwa, manja ali matuza, kochi osanena ngati uli bwino kapena ayi. Filimu inachotsa zimenezo, inachotsanso ubwana wa Joe pafupifupi wonse, n'kumugoneka m'chigalimoto chakufa kuti tione umphawi ndi maso mwachangu. Zotsatira zake, akamakwiya kapena kukayikira anzake, woonera sadziwa gwero lake. Amangooneka mnyamata wokongola wamanyazi. Callum Turner wasewera bwino ndi zochepa zimene anamupatsa, ndipo mipikisano anaijambula mokoma, sindikana. Koma filimu imene imauza mwana kuti chaka chimodzi chikukwana imamulakwira.

Tsopano za Thula, chifukwa apa ndatsutsanapo ndi anthu. Owerenga ambiri akamatseka buku amakhala atamuda mayi ameneyu, ndipo n'zosavuta, poti nthano zathu zinatiphunzitsa kale kuti mayi wopeza ndi mfiti. Zimene anachita n'zoipa, palibe angazichape. Koma a Brown, mwaulemu wawo, anatipatsa zokwanira kuti tione mbali inayo. Thula anali mtsikana wa zaka za m'ma 20, katswiri woimba vayolini, wochokera m'banja lopeza bwino. Anapezeka ali m'kanyumba ka matabwa kumsasa wa mgodi, ana akubadwa motsatizana, mwamuna wa maloto ambiri amene geni iliyonse imamugwera. Anamwalira mu 1935 asanakalambe n'komwe. Funso langa kwa inu ndi ili: anayendetsa galimoto tsiku lija ndani? Mwanayo anali wa ndani? A Harry ndiwo anayang'ana mwana wawo m'maso kawiri konse n'kusankha mtendere wa m'nyumba. Komatu buku likamapita kumapeto limawafewetsera mawu, bambo ndi mwana akumanganso nyumba limodzi, ndipo mlandu wonse umatsalira m'manda mwa Thula. Izi timazionanso m'midzi mwathumu. Mwana akathamangitsidwa timatukwana mkazi, bambo nkumadutsa pamsika atanyamula wailesi, anthu nkumawapatsa moni bwinobwino. Wolemba wolimba mtima akanawaimika a Harry pabwalo nthawi yotalikirapo.

Chifukwa chake n'chosabisika. A Brown anamudziwa Joe kudzera mwa mwana wake wamkazi, amene anali mnansi wawo, ndipo anacheza naye m'miyezi yomaliza asanamwalire mu 2007. Ambiri mwa anzake a m'bwato anali atapita kale. Anafufuza ndithu, anawerenga makalata, manyuzipepala, mabuku amene anyamatawo ankalembamo za tsiku ndi tsiku, ndi kaundula wa kochi. Koma nkhani imene yadutsa m'manja mwa ana okonda bambo awo imafanana ndi mbiri ya malemu yowerengedwa pamaliro. Munamvapo pamaliro akunena kuti malemuwa anali ndi ngongole ya banki m'khonde? Joe wa m'bukuli alibe chilema. Ngakhale kuba kwake kumanenedwa ngati kuchenjera. Anyamata 9 onse ndi odzichepetsa, okondana, aulemu. Ine ndakhalapo m'magulu a anthu 9, ndipo sindinaonepo lopanda wamiseche mmodzi. Pena a Brown amalowa m'mutu mwa munthu amene anamwalira kalekale n'kutiuza zimene ankaganiza akuyang'ana madzi usiku wakutiwakuti. Pamenepo mudziwe kuti mbiri yatha, tayamba nthano, ndipo wolemba sakuchenjezani kuti tawoloka malire.

Pali mkulu wina, a George Pocock, mmisiri wopala mabwato wochokera ku England, mwana wa mmisiri amene ankapangira mabwato ana a sukulu ya Eton. Mutu uliwonse wa buku umayamba ndi mawu anzeru a mkuluyu. Oyamba amakoma, achisanu amapiririka, ukafika pakati umayamba kuwadumpha. Amafanana ndi agogo a m'masewero a kusukulu aja, ongolowa pasiteji ndi ndodo kudzaponya mwambi n'kutuluka. Koma a Brown akasiya kuwayankhulitsa n'kuyamba kuonetsa manja awo, eee, pamenepo ndiye pali buku. Mmene amasankhira thabwa la mkungudza wa kumeneko, kuwerenga mizere ya zaka m'thabwamo, kulipala mpaka lipyapyale ngati chikopa, kuliweta ndi nthunzi kuti lipinde osasweka. Ndinawerenga masamba amenewo ndikuganiza za mkungudza wathu wa m'phiri la Mulanje, limene timaliona kuno kukacha bwino. Ndi mtundu wina wa mtengo, koma nawonso unkapangira mabwato, ndipo lero wotsala m'phirimo ndi wowerengeka chifukwa cha macheka a usiku. Amisiri athu ogoba mabwato kunyanja nawonso amadziwa kugogoda mtengo n'kumva ngati uli ndi mphako. Nzeru zimenezo zikufa ndi eni ake.

Chinthu chimene bukuli limatchuka nacho ndi chimene opalasa amachitcha swing, nthawi imene anthu 8 amasiya kukhala 8, nkhafi zonse zikulowa ndi kutuluka m'madzi ngati dzanja limodzi, bwato nkumayenda ngati likudziyendetsa lokha. A Brown amavutika nacho masamba ambiri, mpaka kuchifanizira ndi zauzimu. Inu amayi a m'gulu muno simufunika masamba onsewo. Munasinjapo atatu mumtondo umodzi? Misi itatu, wina ukutsika, wina ukukwera, wina uli m'mwamba, ndipo palibe akuwerenga. Mmodzi akangofuna kuonetsa kuti ndi wamphamvu kuposa anzake, misi imagundana, chimanga chimamwazika. Zikagwirana, kutopa kumachedwa kubwera. Nkhani ya Joe yagona pamenepo, ndipo apa wolemba anaganiza mozama. Mwana amene anasiyidwa kawiri anaphunzira kusadalira munthu, ndipo phunziro limenelo ndi limene linamusunga ndi moyo ku Sequim. M'bwato phunziro lomwelo linasanduka chilema, chifukwa wopalasa yekha pakati pa anzake amachedwetsa bwato ngakhale akhale ndi mphamvu za ng'ombe. Kuti apambane anayenera kutaya chida chimene chinamupulumutsa. Mwana wa sukulu akanangolemba kuti mutu umodzi susenza denga n'kutseka kope. A Brown anaonetsa mtengo umene munthu wovulala amalipira kuti akhulupirire mwambi umenewo, ndipo chifukwa cha ichi ndimawakhululukira zambiri.

Mitu ya ku Germany ndiyo imandisiya pakati. Buku limadumphadumpha, uku anyamata akupalasa ku Seattle, uku Hitler, Goebbels ndi Leni Riefenstahl akukonza Berlin kuti alendo asaone zimene zikuchitika. Zikwangwani zonyoza Ayuda anazichotsa m'misewu, anthu a mtundu wa Roma anawasonkhanitsa n'kukawatsekera kumsasa kunja kwa mzinda. Izi n'zoona ndipo n'zofunika kuzidziwa. Palinso kankhani kamodzi kobaya mtima: Bobby Moch, wogwira chiwongolero uja, anauzidwa ndi bambo ake m'kalata, ulendo utayandikira, kuti banja lawo ndi la Chiyuda, chinthu chimene anamubisira moyo wake wonse. Mpikisano womaliza wa pa 14 Ogasiti 1936 ku Grünau walembedwa mwaluso moti ngakhale ukudziwa mathero, mtima umagunda. Anawaika m'njira ya nambala 6, kumene mphepo inkawomba kwambiri, inu a kunyanja tinene kuti kumene mwera ukumenya, pamene Germany ndi Italy anali kobisika. Don Hume, wopereka liwiro kwa anzake, anali akudwala. Chizindikiro choyambira sanachimve. Anafika pakati ali m'mbuyo, n'kupambana pa mphindi 6 ndi masekondi 25.4, Italy 26.0, Germany 26.4. Mabwato atatu m'kati mwa sekondi imodzi.

Koma musalole kuti bukuli likuuzeni kuti anyamatawa anagonjetsa Hitler. Tsiku lomwelo, pa madzi omwewo, Germany inatenga golide 5 mwa mipikisano 7 yopalasa, ndipo pa Olimpiki yonse ndi imene inatsogola pa mamendulo. Chionetsero chimene Hitler ankafuna chinatheka, ndipo patatha zaka zitatu nkhondo inayamba. Komanso America imene a Brown akuiimika ngati mbali ya kuwala inali ndi tsankho lake lolembedwa m'malamulo. Jesse Owens anatenga golide 4 ku Berlin komweko n'kubwerera kwawo kumene munthu wakuda sankaloledwa m'mahotela ambiri. M'bwato la Joe munalibe wakuda, ndipo funso loti chifukwa chiyani silivutitsa buku limeneli. Amene mukufuna mbali imeneyo funani A Most Beautiful Thing la a Arshay Cooper, lonena za anyamata akuda a sekondale ya Manley ku Chicago amene anayamba kupalasa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ena mwa iwo asakudziwa n'kusambira komwe.

Tifike pa chimene chandilembetsa zonsezi. Mwana wa mnzanga wa benchi loyandikana ndi langa ali ku koleji. Ndi wamtali, amamenya ntchemberembaye, amathamanga mamita 400, volebo amaseweranso. Ataonera filimu ija anabwera patchuthi akunena kuti akufuna ayambe kupalasa za mpikisano. Anthu anaseka, koma mwanayo sanalakwe kuwerenga thupi lake. Kupalasa ndi amodzi mwa masewero ochepa amene munthu angayambe ali ndi zaka 18 kapena 19 n'kufika patali, bola akhale ndi msinkhu, mapapo ndi miyendo zimene masewero ena anamumangira kale. Joe anachokera ku jiminasitiki. Kathleen Noble, wobadwira ku Uganda kwa makolo a ku Ireland, ankasambirira dziko la Uganda, anakayamba kupalasa ali pa yunivesite ya Princeton, ndipo anakhala munthu woyamba kupalasira Uganda ku Olimpiki ya ku Tokyo. Sizwe Ndlovu wa ku South Africa anayambira ku sekondale ya Mondeor ku Johannesburg, ndipo mu 2012 ku London anatenga golide ndi anzake atatu.

Mwaona chimene chikufanana pa anthu atatuwa? Aliyense anapeza bwato likumudikira pa sukulu. Apa ndi pamene buku la a Brown limatinyengerera kwambiri, ndipo ife owerenga a ku Malawi tiyenera kukhala maso. Limatiuza kuti ana a alimi, a asodzi ndi a odula mitengo anagonjetsa ana a mabwana chifukwa cha mtima. Koma werengani bwino zimene lalemba lokha. Ana osaukawa anali ndi nyanja pakhomo pa sukulu. Anali ndi chinyumba chosungira mabwato, chimene poyamba chinamangidwira ndege za asilikali apamadzi. M'chipinda cham'mwamba mwa chinyumbacho munali a Pocock, amene mabwato awo ankagulidwa ndi mayunivesite olemera omwe ankapikisana nawowo. Anali ndi makochi olipidwa ndi atolankhani owatsata tsiku ndi tsiku. Atapambana mpikisano wosankha timu ya dziko ku Princeton anauzidwa kuti apeze okha madola 5,000, apo ayi kupita timu ya ku Pennsylvania imene ndalama inali nazo kale, ndipo anthu a ku Seattle anasonkha ndalamazo m'masiku awiri, ena pogula timapepala ta masenti 50. Mtima unalipo, inde. Koma mtima womwewo uli ndi anyamata a kabaza amene amakwera zitunda za ku Thyolo ndi matumba awiri pakaliyala, ndipo nawonso timati akupalasa.

Malawi anayamba kupita ku Olimpiki mu 1972 ku Munich, ndipo mpaka lero mendulo sitinaione. Wopalasa sitinatumizeko. Tili ndi nyanja yotalika makilomita oposa 500, tili ndi Malombe, Chilwa, Shire, ndi madamu m'minda ya tiyi muno. Tili ndi anyamata amene amapalasa usiku wonse kutsata usipa, siginala ali patsogolo ndi nyali zake. Yunivesite ya MUST ili konkuno ku Ndata chitsegulireni mu 2014, ndipo ya ku Zomba ili kufupi ndi Chilwa. Chimene chikusowa pakati pa mwana wa mnzanga uja ndi madzi amenewa ndi chinyumba chija, mmisiri uja, kochi uja, ndi tauni yosonkha ija. Popanda zimenezo zimachitika ngati za Hamadou Djibo Issaka wa ku Niger, amene anapita ku London mu 2012 ataphunzira kupalasa miyezi itatu yokha, n'kumalizira kutali kumbuyo anthu akumuwombera m'manja momumvera chisoni. Ine m'manja mwa chisoni sindimufunira mwana wa munthu. Ndinamuuza mtsikanayo kuti awerenge bukuli ndi pensulo, azilemba mzere pansi pa chinthu chilichonse chimene Joe anapatsidwa ndi ena, kenaka akafunse ofesi ya zamasewero pa koleji yake kuti mwa zimenezo angamupatse ziti. Ntchemberembaye asaisiye.

Pali chinthu china chimene ambiri sadziwa. Yunivesite ya Washington yomweyo, imene Joe ankakolopa kuti aphunzirepo, inaphunzitsanso Mmalawi. A Legson Kayira ananyamuka wapansi kumpoto kwa Nyasaland mu 1958, anafika ku Khartoum patatha zaka ziwiri, anakayamba pa koleji ya Skagit Valley m'chigawo chomwecho cha Washington, kenaka n'kulowa yunivesite imeneyi asanapite ku Cambridge. Buku lawo, I Will Try, linatuluka mu 1965. Muwaike pamodzi mabuku awiriwa muone kusiyana. A Kayira akulemba njala yawo ndi dzanja lawo, ndipo safuna kuti muwalirire, pena amadziseka okha. Joe njala yake yalembedwa ndi munthu wokhuta amene amamukonda, ndiye ili ndi shuga pang'ono. Onse awiri ndi nkhani zimene Amereka amazikonda, za mwana wosauka amene analimbikira mpaka chitseko chinatseguka, monganso ija ya William Kamkwamba ndi makina ake a mphepo. Nkhani zotere sizinena za anzawo amene analimbikira chimodzimodzi chitseko osatseguka. Mwa anyamata 175 aja, a Brown amatsata ochepa okha. Enawo amangozimiririka m'masamba oyambirira, wina lero, wina mawa, popanda wofunsa ngati anapeza fizi kwina.

Kwa inu olemba a m'gulu muno, chaka chimene Joe ankalowa m'bwato, 1933, ndi chaka chomwe Nthondo wa a Samuel Ntara anatuluka kuno. Chiyambireni nthawi imeneyo talemba zambiri za ukwati, za ufiti, za mwana wolowerera m'tauni. Thupi la munthu likugwira ntchito timalidumpha. Ndani mwa inu a ku Makanjira, ku Msaka kapena ku Kachulu adzatilembere usiku umodzi wa pa chilimira, mmene nkhafi imalemerera m'bandakucha, mmene amagawanira ndalama pagombe, amene amabera mnzake ndi amene amakhululuka? Mwawi Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye ku Sydney mu 2015, ndipo atsikana ambiri amene amaponya mpira wa mapepala m'mabwalo a fumbi akanawerenga nkhani yotere m'Chichewa mpaka kuiloweza. Luso loti mubwereke kwa a Brown ndi la kuwerengera masenti ndi matuza. Miyambi ya a Pocock muwasiyire eni ake, yathu tili nayo yokwanira.

Bukuli ndi la masamba pafupifupi 400 ndipo Chingerezi chake ndi cholemerera pena, makamaka akayamba kufotokoza mipikisano ya ku Poughkeepsie mmodzimmodzi. Lilipo lina lofupikitsidwa la achinyamata limene linatuluka mu 2015, ndipo amene munalekezera Fomu 4 ngati ine mukhoza kuyambira pamenepo osachita manyazi. Mukamawerenga muzimuyang'anitsitsa Joyce Simdars, chibwenzi cha Joe. Mu filimu ntchito yake ndi kumwetulira ndi kumvetsera wailesi. M'buku ndi mtsikana wochokera ku Sequim komweko amene ankagwira ntchito ya m'nyumba za anthu olemera, kuchapa ndi kuphika, kuti alipire fizi yake pa yunivesite yomweyo. Bwato la akazi ku Olimpiki kunalibe mpaka 1976, ndiye panalibe kochi woti amuone mapewa n'kumusiyira khadi. Anamaliza digiri mu 1939, tsiku limodzi ndi Joe, ndipo madzulo ake anakwatirana.